Maenje akuda a pachiyambi cha chilengedwe

Asodzi a ku Mbamba Bay, m'boma la Nyasa ku Tanzania, amadziwa kuti mwera ukamakuntha mafunde ambiri amakhala apakatikati, koma logubuduza bwato ndi lija lalikulu lobwera mwa kamodzikamodzi. Mfundo yomweyi ndiyo yagona pa kafukufuku wa maenje akuda a pachiyambi cha chilengedwe.

Dzenje lakuda, lomwe pa Chingerezi amati black hole, ndi malo a kuthambo pomwe mphamvu yokoka imakula kwambiri moti ngakhale kuwala sikutulukamo. Maenje ambiri otere amapangika nyenyezi yaikulu ikafa. Koma Stephen Hawking mu 1971, kenaka pamodzi ndi Bernard Carr mu 1974, anafotokoza kuti ena mwina anapangika m'sekondi yoyamba ya chilengedwe, zaka 13.8 biliyoni zapitazo, pamalo pomwe zinthu zinathithikana mopyola muyezo.

Pa nthawiyo zinthu sizinamwazike mofanana. Mu 1992 setilaiti ya COBE inapeza kusiyanaku m'kuwala kwakale kwambiri, ndipo kunali pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100,000. Kusiyana kochepa chotere sikungabale dzenje lakuda. Pamafunika malo othithikana mwapadera, ngati funde lalikulu lija.

Kodi malo otere anali angati? Masamu a Carl Friedrich Gauss, katswiri wa ku Germany, amasonyeza kuti pa zinthu zochitika mwachisawawa, zambiri zimakhala pakatikati ndipo zopitirira zimasowa kwambiri. Ngati chilengedwe chinapatuka pang'ono chabe pa ndondomekoyi, chiwerengero cha maenjewa chingachuluke kapena kuchepa kambirimbiri. Zotsatira za setilaiti ya Planck za mu 2018 sizinaonetse kupatuka kumeneku m'madera akuluakulu a thambo, koma maenjewa akanachokera m'madera aang'ono omwe Planck sinathe kuyeza.

Palibe dzenje la mtunduwu lomwe latsimikizidwa. Komabe chidwi chinakula makina a LIGO ku America atazindikira, mu 2015, kugundana kwa maenje awiri, lililonse lolemera kuwirikiza dzuwa pafupifupi ka 30. Akatswiri ena akuganiza kuti maenje a pachiyambi angakhale gawo la zinthu zosaoneka zomwe mphamvu yake yokoka imamanga magulu a nyenyezi pamodzi.

Makina a MeerKAT a ku Karoo, South Africa, omwe anatsegulidwa mu 2018 ndi mbale 64, ali m'gulu la zida zosaka mafunde a mphamvu yokoka omwe angathandize kuyankha funsoli.