Katswiri amasankhidwa ndi ndani? Mbiri ya voti ya masapota mu hockey

Ku Canada ndi ku United States, chisanu chikafika pachimake mu Januwale kapena Febuluwale, ligi ya National Hockey League, yomwe onse amangoti NHL, zaka zambiri imayamba yaima kwa masiku angapo. Akatswiri a matimu osiyanasiyana amasonkhana mumzinda umodzi kukasewera masewero achisangalalo otchedwa All-Star Game. Hockey yake si ya pakapinga ija ena tinaionera kusukulu. Iyi ndi ya pamadzi oundana, ya anyamata ovala nsapato zokhala ndi mpeni wachitsulo kunsi, olimbirana ndi ndodo kampira kolimba kaphwatalala. Masewero a akatswiriwa sapindulira timu iliyonse pa ligi, komabe palibe chaka chomwe amadutsa osautsa mkangano. Ndani ayenera kupitako, ndipo mawu omaliza ndi a ndani?

Chiyambi chake chinali ngozi. Pa 12 Disembala 1933, mumzinda wa Boston, Eddie Shore wa Boston Bruins anagunda Ace Bailey wa Toronto Maple Leafs modzera kumbuyo. Bailey anagwa n'kumenyetsa mutu pansi, chigaza n'kusweka. Madokotala anamupulumutsa, koma kusewera kunathera pomwepo. Pa 14 Febuluwale 1934 ligi inakonza masewero opezera ndalama iye ndi banja lake ku Maple Leaf Gardens, Toronto kulimbana ndi osankhidwa a matimu ena onse. Toronto inapambana 7-3, ndipo ndalama zoposa madola 20,000 zinapezeka. Chomwe anthu amakumbukira kwambiri usiku umenewo ndi chakuti Bailey anapereka dzanja kwa Shore pamaso pa khamu lonse. Masewero ena awiri otere anachitika ku Montreal, mu 1937 pothandiza banja la malemu Howie Morenz ndi mu 1939 pothandiza la Babe Siebert yemwe anamira m'nyanja.

Pa 13 Okutobala 1947 mwambowu unakhazikika kuti uzichitika chaka ndi chaka, phindu lake lizipita ku thumba la penshoni ya osewera. Kufikira 1968, nthawi zambiri timu yomwe yatenga chikho cha Stanley Cup ndiyo inkakumana ndi akatswiri a matimu otsala. Osankha anali atolankhani, makochi ndi akuluakulu a ligi. Sapota ankangogula tikiti n'kukhala pansi.

Zinasintha mu nyengo ya 1985-86, pamene NHL inapatsa masapota mphamvu yosankha osewera oyambirira kulowa m'bwalo. Voti yoyamba yomweyo inaonetseratu mtima wa sapota. Pelle Lindbergh, goloboyi wa Philadelphia Flyers wochokera ku Sweden, yemwe anali atangolandira mphoto ya Vezina ya goloboyi wopambana onse, anamwalira mu Novembala 1985 galimoto lake litawomba khoma ku New Jersey. Anali ndi zaka 26. Masapota anapitiriza kumuvotera mpaka anatsogola pa magoloboyi a mbali yake pa masewero a ku Hartford mu Febuluwale 1986. Aliyense woponya votiyo ankadziwa kuti Lindbergh sadzaima pagolo. Ankapepesa maliro. Akuluakulu a ligi akanafuna kuphunzira, apa mpomwe akanadziwira kuti sapota ukamupatsa pepala savotera luso lokha. Amavotera chikondi, chisoni, mzinda wake, nthawi zina ndi mkwiyo womwe.

Masiku a mapepala ogawidwa m'mabwalo, zimenezi sizinkasokoneza kwambiri. Intaneti ndiyo inatsegula chitseko. Pofika nyengo ya 2006-07 munthu ankaloledwa kuvota kangati konse angafune, komanso kulemba dzina lomwe palibe pa mndandanda. Sapota wina wa m'chigawo cha New York anayambitsa kampeni yovotera Rory Fitzpatrick, wotchinga kumbuyo wa Vancouver Canucks, munthu wakhama yemwe anali atayendayenda m'matimu ndi m'maligi aang'ono popanda kutchuka. Mfundo yake inali yakuti masewerowa alemekezeko ndi anthu wamba omwe amasenza ntchito yolemetsa pomwe akatswiri akutamandidwa. Ena anangolowamo kuti aseke ligi, ndipo ena anapanga mapulogalamu a pakompyuta ovota okha usana ndi usiku. Wayne Gretzky, yemwe ambiri amamutenga ngati katswiri woposa onse m'mbiri ya hockey, anadzudzula kampeniyi, chimodzimodzinso Don Cherry wothirira ndemanga pa wailesi yakanema ku Canada. Zotsatira zitatuluka, Fitzpatrick anali ndi mavoti oposa 550,000, pa nambala yachitatu kumbuyo kwa Scott Niedermayer ndi Nicklas Lidström. Malo anali awiri okha, choncho ku Dallas sanapite. Anaperewera mavoti pafupifupi 23,000, ndipo omutsatira ambiri mpaka lero amakhulupirira kuti ligi inataya mavoti ake ena mwakachetechete.

Kenako panabwera nyengo ya mizinda. Mu 2009 masewerowa anachitikira ku Montreal pokondwerera zaka 100 za timu ya Canadiens, ndipo eni mudzi analowetsa anayi mwa osewera asanu ndi mmodzi oyambirira a chigawo cha kum'mawa: Alexei Kovalev, Andrei Markov, Mike Komisarek ndi Carey Price. Malo awiri otsala anatengedwa ndi Sidney Crosby ndi Evgeni Malkin a Pittsburgh. Alex Ovechkin, yemwe anali atangosankhidwa kukhala wosewera wofunika kwambiri m'ligi yonse, voti inamusiya panja, anachita kuikidwa ndi ligi. Mu 2012 Ottawa inachita zomwezo ndi anayi ake.

Koma nkhani yomwe imandigwira mtima ndi ya 2015. Zemgus Girgensons, mnyamata wa ku Riga wa zaka 20 panthawi ya voti, ankasewera mu Buffalo Sabres, timu yomwe chaka chimenecho inathera pansi penipeni pa ligi. Kwawo ku Latvia, dziko la anthu pafupifupi 2 miliyoni, anagwirizana zomuvotera tsiku ndi tsiku. Anapeza mavoti oposa 1.5 miliyoni n'kuposa aliyense, kuphatikizapo Patrick Kane ndi Jonathan Toews a Chicago. Odandaula anati voti yaonongeka. Ine sindikuona choonongeka pamenepa. Ligi inali itakhala zaka zambiri ikufuna kuti mayiko akutali aikonde. Dziko laling'ono linayankha, linadzuka usiku kuonera mwana wawo, linavota motsata malamulo. Cholakwa chili pati?

Chaka chotsatira ndiye moto unabuka. Masewero a ku Columbus mu 2015 anathera 17-12, opanda wotchinga ndi mtima wonse, ndipo ligi inasintha kaseweredwe: matimu anayi a zigawo, osewera atatu mbali iliyonse kuonjezera goloboyi, opambana kugawana madola 1 miliyoni. Masapota anangopatsidwa mphamvu yosankha makaputeni anayi. Atolankhani awiri, Jeff Marek ndi Greg Wyshynski, pocheza pa pologalamu yawo anatchula John Scott wa Arizona Coyotes ngati munthu wosayenera kwenikweni kaseweredwe kothamanga kotere. Anthu anautola.

Scott ndi chimphona cha mamita awiri ndi kakusefukira, ndipo ntchito yake m'timu inali ya zibakera. Mu hockey ya ku North America ndewu ili ndi chilango cha mphindi zisanu chabe, kotero matimu ankalemba anthu oti aziteteza akatswiri awo ndi nkhonya. M'masewero a NHL oposa 280 iye anamwetsa zigoli zisanu zokha. Poyamba anapempha masapota kuti avotere anzake a m'timu, koma mavoti anangochulukirachulukira mpaka anatsogola m'ligi yonse. Pamenepo akuluakulu anayamba kumunyengerera kuti akane yekha. Iye mwini analemba pa tsamba la pa intaneti la The Players' Tribune kuti munthu wina wa ku ligi anamufunsa ngati ana ake adzanyadire zimenezi, ndipo funso lokhudza ana akelo ndi lomwe linamulimbitsa mtima kuti apite. Pa 15 Januwale 2016 Arizona inamugulitsa ku Montreal, yomwe inamutsitsira ku timu yake ya ligi yaing'ono ku St. John's, pachilumba cha Newfoundland, kumalekezero a kum'mawa kwa Canada. Mkazi wake anali woyembekezera mapasa, masiku atatsala pang'ono. Matimu onse awiri anakana zoti anachitira dala, koma masapota sanamve zimenezo. Phokoso linakula mpaka pa 19 Januwale ligi inalengeza kuti Scott akhalabe kaputeni wa chigawo cha Pacific.

Pa 31 Januwale ku Nashville, Scott anamwetsa zigoli ziwiri pamene Pacific inagonjetsa Central 9-6, kenako timu yake inapambana Atlantic 1-0 mu fainolo. Pa mayina atatu omwe anaperekedwa kuti masapota asankhepo wosewera bwino koposa, lake panalibe. Anamuvoterabe pa Twitter, bwalo lonse likufuula dzina lake, ndipo mphotoyo inapita kwa iye. Anzake anamunyamula pamapewa, ndipo a Gary Bettman, mkulu wa ligi, anapereka cheke cha opambana m'manja mwake. Chipewa chomwe anavala tsikulo chinapita ku nyumba yosungira mbiri ya hockey ya Hockey Hall of Fame ku Toronto.

Odzudzula ali ndi mfundo yomwe sitiyenera kuipeputsa. Malo ndi ochepa, ndipo wina akalowa chifukwa cha kampeni, wina amene anakhetsera thukuta nyengo yonse amatsala. N'zoonanso kuti ambiri mwa ovotera Scott poyamba ankafuna kumuseka munthu wamkulu, tate wa ana, akupunthwa pakati pa othamanga. Chipongwe chimenecho sindichiikira kumbuyo. Koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ligi inapereka voti chifukwa inkafuna kuti anthu azilankhula za masewero omwe anali atayamba kuzizira. Atalankhula mosiyana ndi zomwe maofesi ankayembekezera, mtolo wake anausenzetsa wosewera yemwe sanapemphe voti ngakhale imodzi. Apo ndiye panalakwika koposa.

Mu Novembala 2016 ligi inaika lamulo lakuti wosewera wotsitsidwira ku ligi yaing'ono sangakhalenso pa voti, ndipo atolankhani analitcha lamulo la John Scott. Iye anasewera kamodzi kokha mu Montreal n'kupuma mu Disembala chaka chomwecho. Chodabwitsa n'chakuti vuto lenileni linadzachokera kwa akatswiri eni ake. Ovechkin, atasankhidwa ndi masapota kukhala kaputeni mu 2019 ndi 2020, anakana kupita kuti apumitse thupi, ndipo anavomera chilango chosasewera masewero amodzi a ligi. Mu 2024 ku Toronto ligi inadzisankhira osewera 32, mmodzi m'timu iliyonse, n'kusiyira masapota malo 12. Asanu ndi awiri mwa malowo anapita ku Vancouver ndi Toronto, mizinda ya masapota ochuluka ndi olimbikira. Mu 2025 All-Star Game sinachitike n'komwe. M'malo mwake munabwera mpikisano wa mayiko anayi, Canada, United States, Sweden ndi Finland, womwe Canada inapambana 3-2 mu fainolo ndi chigoli cha Connor McDavid mu nthawi yoonjezera, osewera akulimbana ndi mtima wonse.

Luso lili kale ndi oliweruza: mphoto za kumapeto kwa nyengo zimasankhidwa ndi atolankhani, mamanejala ndi osewera anzawo. Sapota wolipira tikiti ali ndi tsiku limodzi lokhali. NHL imusiyire voti yonse, iletse makompyuta ovota okha, ndipo amene wasankhidwa apite.