Mantha a Thomas Hobbes

Tikangoyamba maphunziro a ndale timapatsidwa Thomas Hobbes, ndipo ambiri a ife timamuda msanga, timati anali woikira kumbuyo mafumu ankhanza. Ine ndikuti tisanamuweruze tiyambe taona zimene maso ake anaona.

Hobbes anabadwa m'chaka cha 1588. Pofika 1640 mkangano wa Mfumu Charles I ndi Nyumba ya Malamulo ya ku England, pa nkhani za misonkho ndi chipembedzo, unali utafika poipa, ndipo iye anathaŵira ku Paris. Nkhondo yapachiŵeniŵeni inabuka mu 1642. Pa 30 January 1649 mfumuyo inadulidwa mutu khamu la anthu likuonerera. Mu 1651 buku lake lotchedwa Leviathan linatuluka.

Mfundo yake njosavuta kumva. Popanda boma palibe amene angagone tulo, pakuti ngakhale chiphona chingaphedwe ndi munthu wofooka amene wachibisalira. Chifukwa cha manthaŵa anthu amapangana okhaokha kupereka mphamvu zao kwa wolamulira, kaya ndi mfumu kaya ndi bungwe. Apa mpamene pali msampha: wolamulirayo sali nawo m'panganoli, tsono palibe angamuimbe mlandu woti waliswa. Ufulu waukulu wotsalira munthu wamba uli pa zinthu zimene lamulo silinazitchule.

Koma Hobbes anasiya khomo limodzi lotsegula. Anati munthu amvere wolamulira pokhapokha ngati wolamulirayo angathe kumteteza. Otsatira mfumu amene anali naye ku France anamva msanga tanthauzo lake: ufumu wogonja sungalamulenso munthu. Ansembe naonso anamuda. Iye amene anaphunzitsapo masamu mwana wa mfumu yophedwayo analetsedwa kufika pamaso pake, ndipo anabwerera ku England nagonjera boma la anthu omwewo amene anapha Charles I. Ena amati umenewu unali uthiramuŵiri. Ine ndikuona kuti anangochita zimene analemba.

Pamene ndimasiyana naye ndi apa. Iye anaopa chipwirikiti koposa zonse, kotero anaŵerengera nkhanza za boma ngati mtengo wochepa wogulira mtendere. Koma woopa mbala akapereka makiyi onse kwa mlonda, akadandaula kwa yani tsiku limene mlondayo adzayamba kuba? Funso lotere ndilo linavuta John Locke, amene anati boma lopondereza moyo, ufulu ndi chuma cha anthu lataya udindo wake, ndipo anthu angalichotse.

Hobbes anamwalira mu 1679 ali ndi zaka 91. Mu 1683 yunivesite ya Oxford, kumene iye anaphunzira, inatentha Leviathan poyera pamodzi ndi mabuku ena amene inati ngoopsa. Chaka chomwecho Locke anathaŵira ku Holland, ndipo buku lake lonena za boma litasindikizidwa mu 1689, sanalembepo dzina lake.