Kuyesa koyamba kwa mankhwala olimbitsa mafupa: zimene achikulire a ku Kabwe ayenera kudziwa

Mankhwala alionse amene timalandira pawindo la chipatala anayamba ayesedwa pa anthu ena. Panali munthu woyamba kuwamwa kapena kubayidwa, pa nthawi imene ngakhale dokotala sakanatha kunena motsimikiza chimene chichitike m'thupi mwake. Pano tikufotokoza gawo loyambalo, makamaka pa mankhwala a matenda ofooketsa mafupa amene madokotala amawatcha osteoporosis, chifukwa pa mankhwala amenewa amene amapemphedwa kudzipereka ndi anthu achikulire omwe sakudwala, amsinkhu wa amayi ndi abambo athu.

Matendawa ndi otani

Fupa ndi chinthu chamoyo. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo m'kati mwake muli magulu awiri a maselo amene sapuma: ena amagumula fupa lakale, ena amamanga latsopano. Pa ubwana omangawo ndiwo amapambana, mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 30 pamene mafupa amakhala olimba kwambiri. Kuchokera pamenepo ogumula amayamba kupitirira pang'onopang'ono. Kwa amayi zinthu zimafulumira akasiya kusamba, chifukwa mahomoni amene ankateteza mafupa amatsika msanga.

Fupa lotere limakhala ngati mtanda wa denga umene wafumbwa: kunja ukuoneka bwino, m'kati mwatsala ufa. Palibe ululu wochenjeza. Ambiri amadziwa tsiku limene aterereka pakhonde kapena kubafa n'kuthyoka mkono pafupi ndi dzanja, kapena fupa la m'chiuno. Ena mafupa a msana amaphwanyika okha pang'onopang'ono, munthu n'kumafupika ndi kupindika, ife n'kumati ndi ukalamba basi. Kuthyoka m'chiuno ndiko koopsa koposa, pakuti gogo amene wagona pamphasa miyezi ingapo amagwidwa chibayo ndi zilonda, ndipo ambiri sayendanso monga kale. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limati pa dziko lonse, mwa anthu opitirira zaka 50, mayi mmodzi mwa atatu ndi bambo mmodzi mwa asanu adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa. Kulimba kwa fupa amakuyeza ndi makina otchedwa DXA, ndipo mu 1994 bungwe la World Health Organization linaika malire osonyeza pamene tinganene kuti munthu ali ndi matendawa. Makinawa sapezeka m'makiliniki a m'makomboni mwathu, n'chifukwa chake ambiri amafa nawo osawadziwa dzina.

Kupatula ukalamba, zina zimene zimafooketsa mafupa ndi fodya, mowa wambiri, kuchepa thupi kwambiri, ndi kumwa kwa nthawi yaitali mankhwala monga prednisolone. Kachilombo ka HIV nakonso kamachepetsa kulimba kwa mafupa, ndipo ena mwa ma ARV, monga tenofovir wa mtundu wakale, amawonjezerapo pang'ono. Ichi si chifukwa chosiyira ma ARV. Ndi nkhani yokambirana ndi a kuchipatala.

Gawo loyamba la kuyesa

Mankhwala atsopano amayamba ayesedwa mu labotale ndi pa nyama. Kenako amadutsa magawo atatu pa anthu asanaloledwe kugulitsidwa. Gawo loyamba limatenga anthu ochepa, kawirikawiri pakati pa 20 ndi 100. Lachiwiri limatenga mazana angapo a odwala, lachitatu zikwi.

Funso la gawo loyamba si lakuti kodi mankhwalawa amachiritsa. Funso ndi lakuti kodi thupi la munthu lingawapirire, pa mlingo wotani, ndipo amakhala m'magazi masiku angati asanatuluke. Kagulu koyamba kamalandira mlingo wochepetsetsa. Madokotala amayang'ana magazi, mkodzo, kugunda kwa mtima, chiwindi, impso ndi kuchuluka kwa kashiamu. Zikakhala bwino, kagulu kachiwiri kamalandira wokwererapo, ndipo amapitiriza motero. M'kagulu kalikonse ena amabayidwa jakisoni wopanda mankhwala, wotchedwa placebo, ndipo wobayidwayo sauzidwa chimene walandira. Amatero kuti asiyanitse mutu wopweteka chifukwa cha mankhwala ndi mutu wopweteka chifukwa cha mantha kapena kugona pabedi lachilendo.

Pa mankhwala ambiri gawoli limatenga anyamata athanzi. Pa mankhwala a mafupa amafuna achikulire, makamaka amayi amene anasiya kusamba. Zifukwa zake n'zomveka. Iwo ndiwo adzagwiritse ntchito mankhwalawo, impso ndi chiwindi chawo zimachotsa mankhwala mochedwa kusiyana ndi za mnyamata, mafupa awo ali kale pa nyengo yogumuka, komanso palibe mantha akuti pangakhale mimba imene ingavulazidwe. Amafuna athanzi kuti chilichonse chachilendo chikaoneka asakayikire kuti mwina chachokera ku shuga kapena BP.

Apa pali mfundo imene tiyenera kuinena mosabisa. Wolowa m'gawo loyamba sakupita kukachiritsidwa. Sakudwala, ndipo jakisoni mmodzi kapena awiri sangamuteteze moyo wake wonse. Akupereka thupi lake kuti ena adzathandizidwe m'tsogolo. Ndi ntchito yabwino, koma munthu aichite akuidziwa.

Chitsanzo chenicheni

Mankhwala otchedwa romosozumab anayambira kuno kummwera kwa Africa, ngakhale kuti si kuno kumene anapangidwa. Pakati pa Mabunu a ku South Africa pali mabanja ochepa amene ali ndi matenda obadwa nawo otchedwa sclerosteosis. Mafupa awo amakula mopitirira, ndi olimba moti sathyoka wamba, koma chigaza chimakhuthala mpaka kupanikiza mitsempha, ena n'kugontha kapena kufa mbali ya nkhope. Mu 2001 asayansi anapeza chifukwa chake: matupi a anthuwa sapanga puloteni ina, yotchedwa sclerostin, imene ntchito yake ndi kuuza maselo omanga fupa kuti aime. Ndiye anaganiza kuti ngati angaitsekereze puloteniyi kwa kanthawi mwa munthu wa mafupa ofooka, fupa lingayambenso kumangidwa.

Kampani ya Amgen ya ku America inayesa ganizoli koyamba pa anthu 72 athanzi, abambo ndi amayi osiya kusamba. Mwa anthu anayi alionse atatu analandira mankhwala, mmodzi placebo, aliyense kamodzi kokha. Mlingo waukulu kwambiri unali kuwirikiza ka 100 mlingo woyambira. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2011: zizindikiro za m'magazi zinaonetsa kuti fupa likumangidwa, ndipo ambiri sanavutike. Munthu mmodzi amene analandira mlingo waukulu anatupa chiwindi, koma anachira.

Chimene anthu 72 sakanatha kuonetsa chinaoneka patsogolo. Pa kafukufuku wa gawo lachitatu wa amayi 4,093, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017, mankhwalawa anachepetsa kuthyoka kwa mafupa kuposa mankhwala akale otchedwa alendronate, koma m'chaka choyamba mavuto aakulu a mtima ndi mitsempha ya magazi anagwira amayi 2.5 pa 100 alionse, poyerekeza ndi 1.9 kwa omwe ankamwa akalewo. Analoledwa ku Japan ndi ku America mu 2019, koma ku America papepala lake pali chenjezo lakuti asaperekedwe kwa munthu amene wadwala mtima kapena sitiroko m'chaka chapitacho. Mankhwala ena, odanacatib a kampani ya Merck, anayesedwa pa amayi oposa 16,000 ndipo ankalimbitsadi mafupa, koma mu 2016 kampaniyo inawasiya chifukwa ankawonjezera ngozi ya sitiroko. Choncho munthu akatiuza kuti mankhwala ena “anadutsa kale gawo loyamba”, tanthauzo lake n'lakuti anthu ochepa anawapirira kwa milungu ingapo, basi.

Ngozi yaikulu m'gawo loyamba siichitika kawirikawiri, koma inachitikapo. Mu Marichi 2006 pachipatala cha Northwick Park ku London, anyamata asanu ndi mmodzi anabayidwa mankhwala atsopano otchedwa TGN1412 motsatizana, mphindi zochepa pakati pa wina ndi mnzake. Pasanathe maola onse anali kuchipinda cha odwala mwakayakaya. Anapulumuka, koma mmodzi anataya zala. Kuyambira pamenepo, pa mankhwala oopsa amayamba kubaya munthu mmodzi n'kudikira asanapitirize kwa ena. Mu Januwale 2016 ku Rennes, m'dziko la France, bambo wina anamwalira pa kuyesa kwina kwa gawo loyamba.

Mafupa a ku Kabwe

Tawuni yathu inayamba kudziwika kunja chifukwa cha fupa: chigaza cha munthu wakalekale chimene anachifukula mumgodi mu 1921, chimene mpaka lero chili ku Natural History Museum ku London. Koma mgodi womwewo unasiya chinthu china m'mafupa a amoyo. Mtovu unapezeka kuno mu 1902, ndipo anaukumba ndi kuusungunula mpaka mgodi utatsekedwa mu 1994. Fumbi lake likadali m'dothi la Kasanda, Makululu, Chowa ndi Mutwe wa Nsofu. Timakamba kwambiri za ana, ndipo m'pomveka, pakuti ndiwo amaonongeka ubongo. Za achikulire sitikambako.

Thupi limautenga mtovu ngati kashiamu n'kuusunga m'mafupa. Mwa munthu wamkulu, mtovu woposa magawo 90 pa 100 umakhala m'mafupa ndi m'mano. M'magazi umachepa patapita milungu ingapo, koma m'fupa umakhala zaka makumi. Fupa likayamba kugumuka, monga pa nthawi ya mimba, yoyamwitsa, kapena mayi akasiya kusamba, mtovu wakale uja umabwereranso m'magazi. Mayi amene anakulira pafupi ndi mgodi m'zaka za m'ma 1970 angathe kukhala ndi mtovu wokwera lero ngakhale anasamuka kalekale. Mtovu umakweza BP ndipo umaononga impso, ndipo impso ndi zimene zimatulutsa mankhwala ambiri m'thupi, kuphatikizapo alendronate.

N'chifukwa chake mawu akuti “wathanzi” kuno ayenera kusamalidwa. Munthu angadzimve bwino, angalime ndi kuyenda mpaka kumsika, koma mafupa ake sali ngati a mnzake wa ku Chipata kapena ku Mongu. Mankhwala alionse amene amasintha kagumukidwe ndi kamangidwe ka fupa akugwira nkhokwe imene mtovu wagonamo. Ife tikuona kuti wofufuza aliyense wofuna achikulire a kuno ayenera kuyeza mtovu m'magazi ndi kagwiridwe ntchito ka impso asanalembe dzina la munthu.

Pa zakudya sitichedwapo. Kapenta wodyedwa ndi minga yake, mkaka, mabisi, bondwe, chibwabwa ndi nyemba zimapatsa kashiamu, ndipo thupi lokhuta kashiamu limayamwa mtovu wochepa. Ndiwo zamasamba zitsukidwe bwino, ndipo chizolowezi chodya dothi n'choopsa kwambiri kuno. Kuyenda tsiku ndi tsiku ndi kuwothera dzuwa kumathandiza mafupa.

Malamulo ndi chilolezo

Dziko lathu linaphunzirapo kanthu ku Mazabuka, kumene amayi analowa m'kafukufuku wa mankhwala opaka oteteza ku HIV otchedwa PRO 2000. Mu Disembala 2009 zinadziwika kuti mankhwalawo sankateteza, ndipo ena mwa amayiwo anali atatenga kachilombo m'kati mwa nyengoyo. Anthu anakwiya, ndipo funso limene linali pakamwa pa ambiri linali lakuti kodi amayiwo anamvetsadi kuti akuyesa chinthu chosatsimikizika. Mu 2013 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la National Health Research Act, limene linabala bungwe la National Health Research Authority, ndiponso lamulo la mankhwala limene linabala ZAMRA. Kuyesa mankhwala pa anthu mu Zambia kumafuna chilolezo cha mabungwe awiriwa, komanso cha komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku, monga ya pa University of Zambia. Wofufuza weniweni amakhala ndi makalata amenewa ndipo sakwiya mukapempha kuwaona.

Chilolezo chomaliza n'cha munthu mwini. Ofufuza nthawi zambiri amadzera kwa mafumu, makhansala kapena atsogoleri a mipingo, ndipo ndi ulemu woyenera, koma kuvomera kwa abusa kapena kwa mwana wamkulu wa pabanja sikulowa m'malo mwa kuvomera kwa gogo mwiniwake. Chikalata cha chilolezo chifotokozedwe m'chilankhulo chimene iye amamva, kaya Chinyanja, Chibemba kapena Chilenje. Ngati sadziwa kuwerenga, pakhale mboni yosagwira ntchito m'kafukufukuyo asanadinde chala, ndipo atenge kope lake kunyumba. Ali ndi ufulu wokana, ndi wosiya pakati, popanda kulandidwa chithandizo chimene amalandira kuchipatala masiku onse.

Ndalama zimene amapereka ndi zobwezera thiransipoti, chakudya ndi nthawi. Zikakula mpaka munthu kuiwala kufunsa za ngozi, pamenepo mpokayikitsa, makamaka kwa opuma pa ntchito amene penshoni yawo siifika kumapeto a mwezi. Musanasaine funsani kuti ili ndi gawo lachingati, ndi anthu angati amene analandirapo kale mankhwalawa ndipo chinawachitikira n'chiyani, mukadwala usiku muimbire ndani, ndiponso ndani adzalipire chipatala mukavulala ngakhale kafukufuku atatha. Nenani mankhwala onse amene mukumwa, a BP, a shuga, ma ARV ngakhalenso azitsamba. Ndipo musaiwale kutchula komboni imene munakulira, zaka zimene munakhalako, ndi ngati inu kapena amuna anu munagwirapo ntchito kumgodi kapena munatolapo miyala pa Black Mountain.