Chifukwa Chake Anakumba ku Luangwa, Osati ku Katete

Mukamva kuti dziko lakuti lapeza mafuta, m'mutu mumabwera chithunzi cha nyanja yakuda ili phee pansi pa nthaka, kudikira paipi. Nyanja yotero kulibe. Mafuta ndi gasi amakhala m'timipata ting'onoting'ono ta m'kati mwa mwala, monga momwe madzi amalowera m'njerwa yowotcha. Mbiri yofunafuna mafuta kuno kum'mawa kwa Zambia yagona pa timipata timeneti.

Ludzu la mafuta linayamba kale. Ian Smith atalengeza kuti Rhodesia yadziimira payokha mu Novembala 1965, mafuta odzera kum'mwera anasiya kufika. Anayamba kubwera pa ndege komanso m'migolo pa malole kuchokera ku Dar es Salaam, pa msewu woipa womwe madalaivala ankautcha Hell Run. Mu 1968 Zambia ndi Tanzania anatsegula paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kufika ku Ndola, ndipo mu 1973 fakitale ya Indeni inayamba kuyenga mafuta. Koma mafutawo anali ogula ndithu. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zogulira zinachepa, ndipo boma la a Kaunda linayamba kuyang'ana pansi pa nthaka yathu yomwe.

Mu 1985 kunakhazikitsidwa lamulo lololeza makampani kufufuza mafuta. Placid Oil ya ku Dallas ku America inatenga chigwa cha Luangwa, Mobil inalowera ku chigwa cha Zambezi. Ku Mkaika, ku Sinda ndi ku Vubwi sanayang'aneko n'komwe, ndipo chifukwa chake amachidziwa bwino obowola mijigo.

Pansi pa minda ya kumtunda kuno pali mwala wolimba wa granite ndi gneiss. Mwala umenewu unauma kuchokera ku moto kapena unafinyidwa ndi kutentha, ndipo timipata take nthawi zambiri sitifika ngakhale magawo awiri pa 100. Madzi a mjigo amachokera pamwamba pomwe mwalawo unafumbutuka, kapena m'ming'alu. N'chifukwa chake mjigo wina umatulutsa madzi ochuluka pomwe wina wapafupi uli gwa. Ku Luangwa n'kosiyana. Nthaka inatitimira, ndipo mitsinje ndi nyanja zakale zinathiramo mchenga ndi matope pakati pa zaka 300 ndi 180 miliyoni zapitazo. Miyala imeneyi imatchedwa Karoo, ndipo ndi yomwenso ili ndi malasha a ku Maamba ndi ku Moatize. Mwala wa mchenga wabwino umakhala ndi mipata ya magawo 10 mpaka 30 pa 100. Kuchuluka kwa mipataku ndiko akatswiri amati porosity.

Koma mipata payokha sikwanira. Dothi lamakande la kudambo limasunga madzi ambiri, komabe mukakumba dzenje madziwo amangonyenya pang'onopang'ono, pomwe mumchenga wa mumtsinje wouma dzenje limadzaza nthawi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti timipata ta mumchenga ndi tolumikizana. Kumasuka kwa njira zimenezi ndiko permeability. Amene anakuyeza koyamba ndi Henry Darcy, injiniya wa madzi mumzinda wa Dijon ku France, yemwe mu 1856 anafalitsa zomwe anapeza podutsitsa madzi m'mapaipi odzaza mchenga. Mpaka lero makampani a mafuta amayeza miyala yawo mu muyeso wotchedwa darcy.

Pafunikanso zina ziwiri: mwala wa matope wokhala ndi zotsalira za zamoyo zakale, womwe ukatenthedwa pansi umabala mafuta, ndi mwala wosadutsa kanthu pamwamba pake wogwira ntchito ya chivundikiro. Komanso mchenga ukakhalitsa pansi kwambiri umapanikizika ndi kumatana, timipata n'kutsekeka. Makina oyeza ali pamwamba amaonetsa kagonedwe ka miyala, koma za timipata amatsimikiza ndi chibowolero basi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Placid inabowola zitsime ziwiri, Luangwa-1 ndi Chama-1. Palibe chomwe chinatulutsa mafuta ogulitsa, ndipo kampaniyo inachoka. Zitsime ziwiri m'chigwa chotalika makilomita mazanamazana n'zochepa, choncho nkhani sinathere pomwepo. Mu 2006 a Levy Mwanawasa analengeza kuti dothi la ku Chavuma ndi ku Zambezi laonetsa zizindikiro za mafuta ndi gasi. Mu 2008 kunabwera lamulo latsopano, dziko linagawidwa m'mabuloko, makampani anatenga ziphaso. Mpaka pano petulo amene timathira m'galimoto ndi wochokera kunja.

Anzathu a ku Mozambique anapeza gasi ku Pande mu 1961, m'miyala ya mchenga yaing'ono msinkhu kuposa Karoo, koma anayamba kumutumiza pa paipi ku South Africa mu 2004, patapita zaka 43.

Tsono wandale akadzaimanso pa msonkhano n'kunena kuti mafuta apezeka, mufunseni mafunso atatu. Chitsime chabowoledwa kuti? Mwalawo uli ndi mipata yochuluka bwanji? Nanga pa tsiku patuluka migolo ingati?