Ndani asewere ndi yani?

M'tizipinda ta PlayStation ku Kanyama, Chawama kapena Matero, lamulo lofala ndi lakuti wopambana akhale pampando, wogonja apereke pad kwa wotsatira. Mnyamata amene zala zake zinakhwimira pa FIFA amakhalabe pomwepo mpaka magetsi atazima, ongoyamba kumene n'kumangomulipirira gemu. Uku n'kudyerana masuku pamutu. Mipikisano ikuluikulu inakonza njira zopezera munthu mnzake wa msinkhu wake, ndipo njira iliyonse ili ndi dzina.

Gwero la zonse ndi rating, nambala yoyeza mphamvu za wosewera. Nzeruyi inabadwira ku chess. Arpad Elo, mphunzitsi wa sayansi wobadwira ku Hungary, anakonza kawerengedwe kamene bungwe la FIDE linayamba kutsata mu 1970. Ndi muyeso womwewu umene Amon Simutowe wa kuno ku Zambia anakwera mpaka kufika pa 2500, malire a ulemu wa grandmaster umene anaulandira mu 2009. Ukagwetsa chimphona umalandira mapointi ambiri, ukagwetsa wofooka umangotola nyenyeswa, koma iye akakugwetsa umaluza zochuluka. Anthu akasiyana ndi mapointi 400, wapamwambayo amayembekezeka kupambana magemu 10 pa 11 alionse. Microsoft inapititsa nzeruyi patsogolo mu 2005 ndi TrueSkill ya pa Xbox Live, yomwe imaunikanso ngati yamudziwa bwino wosewerayo kapena ikungomuganizira. Magemu ambiri a pa intaneti amabisa nambala yotere, yomwe osewera amaitcha MMR.

Pali ena ozembera muyesowu. Smurf ndi katswiri amene watsegula akaunti yatsopano kuti azikwapula ofooka, ngati bambo wandevu wolowa mpikisano wa liwiro wa ana a giredi 3.

Pa tsiku la mpikisano, nambala ija imasanduka seed, malo a munthu pa mndandanda wa mphamvu. Pa bracket, chithunzi cha nthambi chosonyeza okumana, pakakhala anthu 16 woyamba amakumana ndi wa 16, wachiwiri ndi wa 15. Cholinga n'chakuti njovu ziwiri zisathyolane m'mawa, anthu n'kudzaonera fainolo yozizira madzulo. Akabwera 13 okha, atatu apamwamba amalandira bye, kutanthauza kudutsa ndime yoyamba osagwira pad.

Kagwetsedwe nako kamasiyana. Knockout tonse timaidziwa, ndi ija ya ABSA Cup: ukagonja kamodzi, nyamula katundu. Ku EVO, mpikisano wa magemu omenyana monga Tekken ndi Street Fighter wochitikira ku Las Vegas, amatsata double elimination. Wogonja amatsikira ku nthambi ya ogonja, ndipo akalimbikira mpaka fainolo ayenera kugwetsa kawiri mnzake amene sanagonjepo. Njira ya Swiss, imene inayambira pa chess ku Zurich mu 1895, sithamangitsa munthu msanga: opambana kawiri amakumana okhaokha, ogonja kawiri chimodzimodzi.

Mawu otiwawa ife kuno ndi ping, nthawi imene batani lako limatenga kukafika ku server ndi kubwerako. Ma server ali kutali, ku South Africa kapena ku Ulaya, choncho wa ku Mtendere amadina kuti amenye mpira, mnzake atautenga kale. Kompyuta ikasowa wa msinkhu wako pafupi, imakupatsa wakutali kapena wokuposa. N'chifukwa chake mafainolo aakulu amaseweredwa m'chipinda chimodzi.

Pamenepa komboni ili ndi mwayi, pakuti chipinda chimodzicho tili nacho kale. Inu eni tizipinda ta magemu, gulani kope ndi bolopeni. Lembani amene wagonjetsa mnzake sabata iliyonse, ikani ma seed, ogonja muwapatse nthambi yawo. Mwana amene wapambanako kamodzi amabweranso mawa ndi makobidi ake.