Mavuto a Bluetooth pa masipika opangidwa pamanja

Masipika opangidwa pamanja ndi masipika amene amisiri amalumikiza okha pogwiritsa ntchito bokosi lamatabwa, ampulifaya, batire ndi kabolodi kakang'ono ka Bluetooth. Mumzinda wa Blantyre, m'madera monga Mbayani, Ndirande ndi Limbe, masipika otere amamveka m'magolosale, m'malo ometera, pazinkhoswe komanso potsatsa malonda. Mavuto ake ofala ndi awiri: kukana kulumikizana ndi foni, ndi kudukaduka kwa nyimbo foni ikangotalikira pang'ono. Nthawi zambiri kabolodi kamakhala kabwinobwino, vuto lili pa magetsi, pa eriyo kapena pa foni ina.

Momwe Bluetooth imagwirira ntchito

Bluetooth inayambitsidwa ndi kampani ya Ericsson ya ku Sweden m'zaka za m'ma 1990, ndipo bungwe loiyang'anira la Bluetooth SIG linakhazikitsidwa mu 1998. Imatumiza mawu pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz, omwenso Wi-Fi imagwiritsa ntchito. Mafundewa amagawidwa m'tinjira 79, ndipo zipangizo ziwiri zolumikizana zimasintha kanjira mpaka ka 1,600 pa sekondi pofuna kupewa zosokoneza. M'Malawi, bungwe loyang'anira mafunde a wailesi ndi MACRA.

Zipangizo zimasiyana mphamvu. Za Class 1 zimafika pafupifupi mamita 100, pamene za Class 2, zomwe ndi zofala m'mafoni ndi m'timabolodi totchipa, zimafika pafupifupi mamita 10 pamalo opanda chotchinga.

Kukana kulumikizana

Timabolodi tambiri timalandira foni imodzi pa nthawi, ndipo tikayatsidwa timadzilumikiza tokha ku foni imene tinaigwiritsa ntchito komaliza. Kumalo kothithikana ngati ku Mbayani, foni ya m'bale kapena ya woyandikana naye nyumba imatha kulanda sipika mwiniwake asakudziwa. Chofunika ndi kuzimitsa Bluetooth pa mafoni ena, kufufuta dzina la sipika mufoni, kuzimitsa sipika ndi kuyatsanso, kenako kusaka mwatsopano. Zipangizo zakale zimafunsa nambala yachinsinsi, kawirikawiri 0000 kapena 1234. Kuyambira pa Bluetooth 2.1 ya 2007, zambiri sizifunsanso.

Foni ikalumikizana koma mawu osamveka, kabolodi kakhoza kukhala kuti kali pa USB, FM kapena AUX m'malo mwa Bluetooth.

Sipika ikamaduka pokhapokha voliyumu ikakwezedwa, vuto ndi magetsi. Ampulifaya imakoka mphamvu yambiri besi ikamagunda, batire limafooka kwakanthawi, ndipo kabolodi kamazima n'kuyakanso. Amisiri amathetsa izi poika mawaya aafupi ndi okhuthala, kapasita pafupi ndi kabolodi, ndi kachipangizo kosunga mavoti 5 osasintha, monga 7805, ngati kabolodiko ndi ka mavoti 5.

Kuchepa kwa mtunda

Funde la 2.4 GHz ndi lalitali pafupifupi masentimita 12.5, choncho eriyo yake ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 3. Pa timabolodi tambiri, eriyo ndi kamzere kokhotakhota kakopa kojambulidwa m'mphepete. Chitsulo chimatchinga mafunde amenewa. Kabolodi kakatsekeredwa m'bokosi lamalata, kapena kakagundana ndi maginito a sipika, batire kapena chitsulo choziziritsa ampulifaya, mtunda umatsika kwambiri. Mbali ya eriyo iyenera kukhala patali ndi zitsulo ndi mawaya, kuseri kwa thabwa kapena pulasitiki basi.

Madzi amayamwa mafundewa, ndipo thupi la munthu lili ndi madzi ambiri. N'chifukwa chake sipika yomwe imamveka bwino pabwalo lopanda anthu imadukaduka paukwati anthu akadzaza, kapena foni ikakhala m'thumba lakumbuyo. Kukweza sipika ndi foni pamwamba pa mitu ya anthu kumathandiza. Makoma a njerwa, mipanda yamalata ndi makina a Wi-Fi omwe ali pafupi amachepetsanso mtunda.

Kuyeza musanagule china

Njira yodalirika ndi kuyeza chinthu chimodzi pa nthawi. Mmisiri amayamba ndi kuyesa foni ina. Kenako amatulutsa kabolodi m'bokosi, n'kukapatsa magetsi akeake, n'kukayesa panja poyera. Kakafika mamita pafupifupi 10 osaduka, ndiye kuti kalibe vuto, chofunika kukonza ndi malo ake m'bokosi kapena magetsi. Kakalephera ngakhale foni ili pafupi, mmisiri amayang'ana ngati eriyo yakalika kapena powotcherera pamasuka. Kugula kabolodi katsopano kumabwera pamapeto, chifukwa nakonso kakaikidwa pamalo olakwika omwewo kamachita chimodzimodzi.