Zotsala za M'ndende za 1959 Zisathere M'masutikesi

M'bandakucha wa pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa wa Nyasaland, Sir Robert Armitage, adalengeza lamulo la State of Emergency. Nkhondo sidalengezedwe, koma asilikali, ena ochokera ku Southern Rhodesia, adadzaza m'misewu ngati nthawi ya nkhondo. Chipani cha Nyasaland African Congress chidaletsedwa. Dr Hastings Kamuzu Banda adagwidwa ku Limbe n'kukatsekeredwa ku Gwelo, komwenso adasungidwa Henry Masauko Chipembere ndi abale awiri aja, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza. Ku Nkhata Bay tsiku lomwelo asilikali adawombera khamu lomwe linkafuna kumasula abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa, ndipo anthu osachepera 20 adafa.

Mayina amenewa timawamva chaka ndi chaka pa Tsiku la Anamatira. Koma omangidwa popanda kuzengedwa mlandu adaposa 1,300. Ambiri mwa iwo adali aphunzitsi, akalaliki, osoka zovala, eni timagolosale ndi alimi wamba omwe adatopa ndi malamulo a malimidwe komanso chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ena adatsekeredwa ku Kanjedza ku Limbe, ena ku Khami pafupi ndi Bulawayo. Nthumwi zofufuza zomwe adatsogolera woweruza Patrick Devlin zidapeza kuti anthu 51 adaphedwa, ndipo zidalemba mosapsatira kuti dziko lino lidasanduka lolamulidwa ndi chibonga cha apolisi. Dr Banda adatuluka pa 1 Epulo 1960, lamulolo n'kuchotsedwa mu Juni chaka chomwecho.

Funso lomwe tikuika pamaso panu, inu mafumu ndi eni mbumba a kwa Njewa, Kabudula, Nsaru, Mpingu, Namitete ndi Nambuma, ndi ili: kodi mbiri ya anthu wambawa akuisunga ndani?

Boma la atsamunda lidalemba zambiri, koma lidalemba monga mwini ndende. M'mafayilo ake munthu ndi nambala, ndi "woyambitsa chisokonezo". Mapepala ena atsamunda adapita nawo kwawo mwakachetechete ufulu utayandikira, ndipo zidadziwika mu 2011, pa mlandu wa okalamba a Mau Mau a ku Kenya, kuti ankasungidwa ku Hanslope Park ku England. Ena mwa iwo adali a Nyasaland. Nazonso ndende sizisunga chikumbutso. Ku Kanjedza lero kuli sukulu ya apolisi. Dzeleka ya ku Dowa, yomwe idatsekera anthu m'nthawi ya chipani chimodzi, yakhala msasa wa othawa kwawo kuyambira 1994. Mikuyu idayesedwa kukhala nyumba yosungiramo mbiri, koma idabwereranso kukhala ndende.

Mawu a womangidwayo ali m'nyumba zathu: kalata yolembedwa ndi pensulo, yofunsa ngati fodya wathyoledwa ndiponso ngati mwana wayamba kuyenda, chikalata cha boma chomutsekera, khadi la Kongeresi lomwe mayi wina adalisomeka kudenga apolisi akufufuza, Baibulo lolembedwa masiku m'mphepete, chithunzi cha tsiku lotuluka, pomwe ndende idasanduka ulemu ndipo otulukawo ankatchedwa ma P.G. Kalata yoteroyo imaulula chomwe fayilo ya boma silinganene, chakuti mtolo wa ndende adausenza ndi amayi otsala pamudzi, amene adalima okha, kupereka msonkho okha ndi kulera okha.

Mdani wa zinthuzi lero ndi chiswe, denga lodontha, ndiponso mwambo wathu womwe. Pogawa katundu wa malemu, njinga ndi jekete zimapeza eni ake msanga, koma mapepala ofiirira amasesedwa n'kukolezera moto. Amene adali ndi zaka 20 mu 1959 lero akuyandikira zaka 90. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likuphwa tikuona.

Malo ozisungira alipo. National Archives of Malawi ku Zomba, yomwe idayamba mu 1947, imasunga makalata ndi zithunzi. Ziwiya monga mbale, bulangete kapena baji zingapite ku nyumba ya Chichiri ku Blantyre, yotsekulidwa mu 1966. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House nayonso imasunga zithunzi zakale.

Kupereka chinthu cha kholo si nkhani ya munthu mmodzi, ndipo banja lokayikira sitingalidzudzule: ndani afuna kutumiza dzanja la agogo ake ku Zomba, kumene adzukulu sangafikeko? Choncho yambani mwakhala pansi ndi mwini mbumba. Jambulani chilichonse kuti banja litsale ndi chake, gwirizanani ngati mukupereka kotheratu kapena kubwereketsa, ndipo musachoke popanda chikalata chosainidwa. Pepala lakale musalimate ndi selotepi kapena kuliwotchera m'pulasitiki, chifukwa zimenezo zimaliwononga. Koposa zonse, lembani papepala lina dzina la mwini wake, mudzi, mfumu, kumene adagwidwa ndi mwezi umene adabwerera. Ngati wokalamba amene adaona zimenezi alipo, mujambuleni mawu pa foni akufotokoza yekha m'Chichewa, ndipo mawuwo apite pamodzi ndi chinthucho.